Kwawo kwa Chotupa cha Azakhali

Mmisiri wosema miyala ya ziliza anandifunsa sabata yatha funso limene azakhali anga, a Nambewe, anatha nalo anthu moyo wawo wonse. Dzina anali atalilemba kale ndi choko pamwalapo, utangotsala mzere wa m'munsi. "Nanga kwawo tilembe kuti, mayi?" Ndinaseka mpaka misozi, mmisiriyo n'kumandiyang'ana cham'mbali, poti munthu saseka pogula chiliza. Koma aliyense amene anasoketsapo chovala pakhonde la sitolo ya nsalu ya a Bibi Zubeda ku Area 2 akanaseka nane limodzi.

Azakhali anali mlongo wawo wa bambo anga, ndipo anali telala. Matelala a m'makonde a ku Old Town ndi amuna pafupifupi onse, koma iwo anaika makina awo opalasa ndi phazi pakati pa amunawo ine ndisanabadwe, ndipo palibe anayerekeza kuwasuntha. Anali aafupi, a mawu aakulu, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale popita kutchalitchi. Kusoka ankasoka bwino ndithu, koma chovala chako unkachilandira tsiku limene iwo afuna, osati limene anakulonjeza. Ukadandaula ankakukumbutsa kuti sunabwere pakhondepo uli maliseche, ndiye uyambe wavala zomwe unabwera nazo.

Tepi ija sinkakhudza thupi la munthu asanamufunse kwawo. Ukayankha kuti ku Area 4, ankaika sizasi pansi. Ankati Area si mudzi, nambala ndi ya nsapato, munthu sabadwa m'nambala. Ankafuna dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma, ndipo ukangotchula, dzina lako lenileni linkathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo unali a Ntcheu, a Kasungu kapena a Nkhata Bay, basi. Ine ndinabadwira m'Lilongwe momwemuno, koma poti mayi anga ndi a ku Mulanje, ndipo mwana ndi wa kuchikazi, ndinakula ndikuitanidwa kuti Mulanje. Pa ukwati wanga anaimba nthungululu n'kukuwa kuti Mulanje wakwatiwa, alendo a kuchimuna n'kumafunsana kuti akunena ndani.

Kwa iwo anthu onse a mumzindawu anali obwera. Mabwana a m'nyumba za mipanda anali obwera, alonda a m'mageti awo obwera, abusa obwera, ndi agalu omwe. Mbadwa inali imodzi yokha, ndipo inali pa makina. Wina akalimba mtima n'kubweza funso kuti nanga inu kwanu n'kuti, ankaponda simenti ndi chidendene n'kunena kuti konkuno, kenako n'kumumanga tepi m'chiuno mothina mpaka aleke mafunso.

Mkangano wawo waukulu unali ndi mwini khonde. A Bibi Zubeda ndi mayi wachimwenye, Msilamu, wamasiye, amene anabadwira m'chipinda cha kuseri kwa sitolo yomweyo azakhali asanabadwe, ndipo Chichewa amachilankhula kuposa ana anga. Zimenezo azakhali analibe nazo ntchito. Ankawaitana kuti a Indiya. A Bibi ankayankha kuti ku Indiyako sanapondeko phazi, mchombo wawo unagwera pa Area 2 pomwepo, azakhali n'kuti mchombo umagwa paliponse, ngakhale m'basi. Ankakangana potsegula sitolo, pa tiyi, ndi potseka. Ankanyozana ndi "inu", mwaulemu wonse, osakwezerana chala. Tiyiyo ankamwera limodzi, wa mkaka ndi zonunkhira, a Bibi ali mkati kuseri kwa kauntala, azakhali ali panja, makapu akudutsa pawindo.

Matenda anawatulukira ndi a Bibi, osati ife achibale amene tinkadzitama kuti timawasamala. Mimba ya azakhali inayamba kukula, koma telala amadziwa kubisa: ankangomasula msoko wa siketi n'kuwonjezera kansalu m'mbali. A Bibi, amene amayeza munthu ndi maso, anaona kuti azakhali akugula nsalu yochulukirapo pa diresi la mtundu womwewo. Anandiimbira foni.

"Mulanje, bwera udzatenge azakhali ako upite nawo kuchipatala. Kaya ndi mapasa pa ukalamba uno, kaya n'chiyani, koma nsalu ikundithera m'sitolo."

Kuchipatala anawachita opaleshoni n'kuchotsa chotupa chachikulu ngati dzungu, chodzaza ndi zinthu zonanda ngati therere. Dokotala amene ankawaona anali mayi wachitsikana wa magalasi, woleza mtima, amene tsiku loyamba lomwelo anataya dzina lake n'kukhala a Rumphi. Bala litayamba kupola, anatiitanira m'kachipinda kake, ine ndi azakhali.

"Amayi, chotupa chija ndi khansa," anatero. "Tinachipeza m'kathumba kamene kamasunga mazira a munthu wamkazi."

"Mazira," anatero azakhali. "A Rumphi, mukundiona ngati nkhuku?"

Dokotala anamwetulira n'kupitiriza. Anati khansa imeneyi ndi ya mtundu wosowa, ndipo ili ndi vuto limodzi: akaiyang'ana pa makina okulitsa tinthu tating'ono, imaoneka chimodzimodzi ndi khansa ya m'matumbo. Mwina inayambira m'kathumba momwemo, mwina inayambira m'matumbo n'kusamukira kumeneko. Kakamera anali atakalowetsa kale m'matumbo mwa azakhali, osapeza chogwirika. Tsono mankhwala a ziwirizi ndi osiyana. Ukampatsa munthu olakwika, amavutika nawo miyezi yambiri, kusanza ndi kufooka, khansa yotsalira m'thupi ikungokula mwakachetechete.

"Komabe njira ilipo," anatero. "Kachidutswa ka chotupacho tinakasunga m'phula. Titha kukatumiza kunja akayeze majini ake."

Azakhali anali mayi wa mpingo, wa bulauzi yoyera ya Lachinayi, woyambitsa nyimbo pamaliro. Kwa iwo, monga kwa aliyense wa msinkhu wawo, majini ndi mizimu yoipa ija imene imagwetsa anthu n'kumawabwebwetetsa, imene amati ena amaweta kuti malonda aziyenda. Anaimirira ndi bala lawolo, n'kumanga chitenje.

"Mwana wanga, ine ndinabatizidwa mayi anu asanakwatiwe. Majini mukawayeze kwanu ku Rumphi."

Dokotala anayesetsa kulongosola kuti awa ndi majini ena, liwu lochokera ku Chingerezi. Anati ndi timalangizo tobisika m'kati mwa tizigawo ta thupi, timene timanena kuti ichi chikhale thumbo, ichi chikhale khungu, ndipo khansa ikasamuka imanyamula zizindikiro za kumene inachokera. Azakhali ankangoyang'ana chitseko. Ine ndinati ndithandize.

"Azakhali, ndi diyeneyi ija mumamva pa wailesi."

"Ija amapezera abambo a ana othawidwa?" anatero. "Tsono chotupa changa mukuchifunira bambo? Amuna anga anagona kalekale, musawapute ali m'manda."

Tinatuluka popanda chilolezo chawo, ndipo popanda chilolezocho kachidutswa kaja sikakanapita kulikonse.

Kunyumba anakhala pansi n'kuyamba kuganiza mwa iwo okha, ndipo maganizo a azakhali akayamba ulendo sankabwerera. Ngati dokotala wophunzira waona majini, ndiye kuti alipo. Ngati alipo, ali ndi mwini. Nanga sitolo imene sinagwepo, anzawo akutseka uku ndi uku, ndi ya ndani? Nanga tiyi amene amwa zaka zonsezi osafunsa zothiramo ndi wa ndani? Asanachire n'komwe anapita ku Area 2, n'kulamula matelala anzawo kuti anyamule makina aja awaolotse msewu. Anakawaika pakhonde la sitolo ya misomali ndi penti, moyang'anana ndi ya a Bibi. Analibe mphamvu zosokera. Ankangokhala pamenepo manja ali pachifuwa, akuyang'anitsitsa windo la tiyi.

Old Town yonse inaseka, koma ine sindinkaseka. Dokotala anandiimbira kuti sitingadikire mpaka kalekale, akapanda kuvomera ayamba kuwapatsa mankhwala mongoyerekeza. Ndinkaopa kwambiri kuti azakhali afa chifukwa cha liwu limodzi. Ndinawatengera abusa awo, bambo wa ku Dowa, amene anawauza kuti majini a dokotala sali m'gulu la ziwanda. Azakhali anamvetsera mwaulemu, n'kuwaperekeza mpaka pa geti, kenako n'kundiuza kuti a Dowa ndi munthu wabwino koma za m'mimba mwa akazi sazidziwa.

Tsiku lina masana ndili pakhonde la misomali lija, ndikuwachonderera kachikena, ndinaona a Bibi akuoloka msewu. Amayenda ndi ndodo, ndipo msewu umenewo anali asanauoloke wapansi kwa zaka zambiri. M'dzanja lina ananyamula kapu ya tiyi. Maminibasi anaimba mabelu, iwo osatembenuka n'komwe. Atafika anaika kapuyo pa makina.

"Ndamva kuti ndinakuthirani majini m'tiyi."

"Mwamva bwino, a Indiya."

"Ndikanakhala nawo majini, ndikanayamba ndawatuma kuti azikusokerani madiresi a anthu pa nthawi yake." Matelala amene anasonkhana anaseka chogwira pakamwa. "Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzakusekani. Inu a Nambewe, amene simulola ngakhale wogulitsa nthochi kudutsa osamufunsa mfumu yake, mwasunga mlendo m'mimba nthawi yonseyi. Mwamudyetsa, mwamukulitsira masiketi, osamufunsa kwawo. Lero dokotala akuti akufunsireni, inu mukuthawa. Kapena mukuopa kuti apezeka ndi mbadwa inzanu?"

Azakhali anagunda chopalasira ndi phazi.

"Chimene chija si cha kuno," anatero. "Wa kuno sangandichite zoterezi."

"Umboni uli kuti?"

Azakhali anatenga kapu ija, anainunkhiza, n'kumwa pang'ono. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mulanje, ukawauze a Rumphi achifunse. Mudzi, mfumu ndi boma."

Zotumiza kachidutswa kaja anayendetsa ndi mwana wa a Bibi, ndipo malo oyezera amene anagwirizana ndi dokotala anali ku Indiya. Azakhali atamva zimenezi anatsala pang'ono kung'amba bala ndi kuseka. Makina anawabwezera pakhonde lakale tsiku lomwelo, chifukwa nkhani yotere sungainene uli kutsidya kwa msewu. M'mawa uliwonse ankagogoda pawindo n'kufunsa a Bibi ngati ali ndi moni woti kachidutswako kakapereke kwa abale awo. Ankauza kasitomala aliyense kuti nyama yawo yakwera ndege n'kukafika kwawo kwa a Indiya eni ake asanafikeko. A Bibi ankangoti ikafika isabwerenso, ikatsale konko ndi pakamwa pake.

Zotsatira zinabwera patapita masabata angapo. Tinakhalanso m'kachipinda kaja, azakhali atavala diresi latsopano ngati akupita kukamva mlandu umene akudziwa kuti apambana.

"Amayi, majini ake akufanana kwambiri ndi a khansa ya m'thumbo lalikulu," anatero dokotala. "Zikuoneka kuti sichinayambire m'kathumba ka mazira. Chinachita kusamukirako."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi.

"Obwera. Ndinanena ine."

Dokotala anavula magalasi n'kuseka mpaka namwino anasuzumira pachitseko. Atapukuta misozi anatiuza kuti tsopano apereka mankhwala a khansa ya m'matumbo, ndipo anatiuza mosabisa kuti mwina sangaithetseretu, koma angaigwire kwa nthawi. Azakhali anavomera zonse. Tikuimirira kuti tizipita, anafunsa ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo.

"A Rumphi, makina amenewa akayeza munthu yense, osati chotupa, angathe kunena mudzi wake?"

"Angathe kunena zambiri, amayi, koma mudzi sangauloze."

"Ayi, ndimangofunsa."

Pobwerera anandiuza kuti ndisalunjike ku Old Town, ndidzere ku City Centre. Cha ku Area 13 anandiimitsa pamalo oimikapo magalimoto, patsogolo pa nyumba ina ya maofesi. Anatsika n'kuyamba kuyenda pakati pa magalimoto a eni ake, akuloza pansi. Apa panali khola la mbuzi. Apo panali mkuyu. Uko, kumene kuli thanki ya madzi, kunali nkhokwe za agogo awo. Ponsepa panali mudzi wawo, unkatchedwa kwa Msekeni. Iwo ali kamtsikana, boma likumanga likulu latsopano, kunabwera malole n'kusamutsa anthu, ena uku ena uko. Agogo anga aamuna anakana kupita kutali, anatsikira ku Old Town kukagwira ntchito ya ulonda. Bambo anga anali khanda la kumsana, n'chifukwa chake sanandiuzepo kanthu. Nkhani imeneyi ndinaimva tsiku limenelo, ndili mayi wa ana.

Mlonda wa pamalopo anatuluka m'kanyumba kake kudzatifunsa ngati tili ndi apointimenti.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Dedza, mayi."

"Ndiye a Dedza, kanyumba kanuko kali pakhomo pa mayi anga. Vulani chipewa."

Bamboyo anayang'ana ine, anayang'ana iwo, n'kuvula chipewacho. Anaima nacho m'manja mpaka tinalowa m'galimoto.

Tili m'njira anayamba kuseka okha. "Waona, Mulanje? Chotupa chili ndi kwawo, achipezera ku Indiya. Ine amene ndinachinyamula ndilibe." Ine kuseka kunandikanika. Anandiuza kuti ndisaumitse nkhope ngati a Dowa, ndiyang'ane msewu. Kenako anati munthu akamatchula mudzi wake, mfumu yake ndi mtsinje umene amatunga madzi, iwo amamva ngati apitako, ndipo Malawi yense anamuyenda motero ali pa makina, osalipira basi.

Mankhwala a m'diripi aja anawayanja kuposa mmene tinkaopera. Tsitsi silinathothoke kwenikweni, ndipo ankavula duku dala kuti anthu aone. Chimene chinavuta ndi zala. Zinachita dzanzi, ndipo akagwira chinthu chozizira ankati zikuwabaya ngati agwira waya wa magetsi. Sizasi ya m'mawa ankayamba aifungatira m'khwapa kuti itenthe. Ulusi unaleka kulowa m'singano. Ndiye a Bibi anayamba kutuluka m'sitolo ndi ndodo yawo kudzawalowetsera, chonsecho nawonso maso anali atatha. Ukanawaona awiriwo ataweramira makina, mitu itagundana, wina akuti mwaphonya, wina akuti lekani kugwedeza tebulo, onse akugwirizana pa chinthu chimodzi chokha, choti singano za masiku ano ndi zobwera.

Azakhali anakhala nafe madzinja angapo pambuyo pake. Anasoka yunifolomu yoyamba ya mwana wanga wotsiriza, n'kuipereka sukulu zitatsegulira kale. Anasokera a Rumphi diresi la ukwati wa mng'ono wawo, limenelo lokha linatha pa nthawi yake. Liwu lija sanaliiwale. Mwana akabadwa ndi mphuno ya bambo ake ankati ndi majini, wina akachedwa kudzatenga chovala ankati ndi majini a kwawo, ndipo mayi wina wa mpingo atadabwa kumva liwu lotere pakamwa pawo, anamuuza kuti apite kusukulu.

Chaka chatha matenda anabweranso, ndipo ulendo uno sanalole kukangana nawo. Azakhali anamwalira kuzizira kukuyamba. Pa maliro panalibe za lole yopita kumudzi, tinawaika m'manda a mumzinda momwemuno. A Rumphi anabwera atavala diresi lija. A Bibi anakhala pa mpando pafupi ndi amayi a mabulauzi oyera, atafunda nsalu kumutu.

Mmisiri uja ankandidikirabe, choko chili m'manja.

"Lembani kuti kwa Msekeni," ndinatero.

"Mudzi umenewo sindinaumvepo. Uli boma liti, mayi?"

"Konkuno."

Anandiyang'ananso cham'mbali, koma analemba.

Pochoka pamenepo ndinadzera pakhonde paja. Makina tinawachotsa, ali kwathu, koma m'simenti mwatsala timaenje tinayi pamene miyendo yake ya chitsulo inadya pansi, ndi kamalo kosalala pamene ankaponda ndi chidendene. Matelala a mbali zonse ziwiri amaunjika nsalu zawo mothinana, koma palibe amasendera pamenepo. Windo la tiyi limakhala lotsegula. Ndinapeza a Bibi atakhala kuseri kwake ndi kapu imodzi, ndipo anandiuza kuti mwezi watha kunabwera telala wina kudzapempha malowo. Anamufunsa kwawo, iye n'kuti ku Area 36. Anamuuza kuti nambala ndi ya nsapato, abwerenso akadziwa mfumu yake. Mpaka lero sanabwere, ndipo pamalopo a Bibi amasesapo okha m'mawa uliwonse.